Ng'oma ya Ababa Italowa M'kaseti

Ine sindinabadwe ndi mtima wodikira. Amayi ankati ndinatuluka mzamba asanamalize kusamba m'manja, ndipo mpaka lero ndikaima pamzere wa kuchigayo miyendo imandiyabwa. Tsono Mulungu, poti naye amadziwa nthabwala, anandipatsa bambo amene luso lawo lonse linali kudikira.

Ababa anali oimba ng'oma za paukwati. Anachokera kutsidya, ku Nkhotakota, akadali mnyamata, ndipo anakhazikika m'mbali mwa nyanja chakumpoto kwa Mbamba Bay. Pakhomo tinkayankhula Chichewa chawocho, tikatuluka panja Chiswahili ndi chinenero cha eni dera. Ankapita kunyanja ngati mwamuna aliyense, koma usodzi wawo unali wongochotsa manyazi. Chimene anthu ankawadziwira ndi ng'oma basi.

Kumene tinakulirako mkwatibwi akatuluka m'tchalitchi sankathamangira kwa mwamuna. Ankayenda pang'onopang'ono, ambulera pamutu, nkhope pansi, ndipo akafika pena pake ankangoima. Akaima, akuchimuna ankabwera ndi kanthu, kaya nkhuku, kaya nsalu, kaya mbale, kuti amumasule miyendo. Mwiniwake ndiye ankadziwa pamene wakhutira. Panalibe womukankha, ngakhale wansembe amene. Pa moyo wonse wa mkazi, ulendo umodzi umenewo ndi umene mudzi wonse unkayendera mapazi ake. Koma panali lamulo: mkwatibwi akamayenda ng'oma ikhoza kupuma, koma ali chiimire isafe. Ikangoti zii iye ataima, akuluakulu ankati ukwatiwo wafera panjira. Mawu amenewa ankamutsatira mkazi mpaka imvi. Mwana akadwala, mwamuna akayamba mowa, anthu ankakumbutsana za tsiku lija.

Oimba ena ankabwera atatuatatu. Ababa ankaimba okha. Ankayamba ndi phazi, atamanga maseche pakakolo. Phazi likakhazikika ankalowetsa kang'oma kam'chiuno ndi dzanja lamanzere. Kenaka yaikulu, yokoleka paphewa, ndi lamanja. Chimene chalowa sichinkatulukanso, chinkangozungulira pamalo pake, china n'kukwera pamwamba pake. Zonse zikamvana ankatukula nsidze, ndiye woyambitsa nyimbo ankalowa, amayi ena n'kumavomera. Kuyambira pamene ndinatha msinkhu, woyambitsayo ndinali ine.

Maso a Ababa sankachoka pamapazi a mkwatibwi. Iye akaima, iwo ankazungulira pomwepo, kupita n'kubwerera, kuonjezera kanthu apa, kuchotsa apo, osatopa. Wotopa ndinali ine. Mawu a nyimbo atha, ndabwereza, ndapeka ena, athanso, thukuta lili chuchuchu m'msana, mtsikana wa eni ali nji ngati mtengo wa mgwalangwa. Ndinkasendera pafupi n'kunong'ona, "Ababa, kodi tigona pano?"

Ankayankha osandiyang'ana, manja osaphonya. "Ukwati ndi wako?"

Kenaka inafika nthawi imene boma linkasamutsira anthu m'midzi ya ujamaa, yokhala ndi kulima pamodzi. Ife tinapatsidwa malo kumtunda, kutali ndi madzi, nyumba zili pamzere ngati mano a chipeso. Za kusamukako sindinena zambiri, aliyense wa msinkhu wanga ali ndi yake yoti afotokoze. Chokhudza nkhani ino n'chakuti tsopano kuchoka kwathu kukafika kunyanja unali ulendo wotuluka nawo thukuta, pomwe maukwati ambiri anatsalira kumunsi. Wofuna Ababa ankayenera kukwera chitunda kudzawapempha, kudzawanyamulira ng'oma, kuwapezera pogona, ndiponso kudzawaperekeza.

M'mudzi watsopanowo munali mphunzitsi wa sukulu ya akulu, mnyamata waulemu wa ku Songea, amene ankaphunzitsa Amayi kugwira pensulo. Anali ndi kabokosi ka makaseti, kojambula mawu. Ng'oma ya Ababa ankaikonda ndi mtima wonse, zimenezo sindingamunamizire.

"Mzee," anatero tsiku lina, "izi siziyenera kutayika. Ndi utamaduni wathu, chikhalidwe cha makolo. Mundilole ndijambule."

Ababa anasangalala ngati mwana. Lamulungu masana anavala malaya akutchalitchi ngati kabokosiko kali ndi maso, n'kukaima pansi pa mango. Ine sanandijambule. Mphunzitsi anati ikhale ng'oma yokha kuti oimba azitha kuimbira pamwamba pake. Poti panalibe mkwatibwi, Ababa anayang'anitsitsa mapazi a mphunzitsiyo, amene sanapite kulikonse. Kasetiyo inali yodzaza kale ndi maphunziro a pawailesi, malo otsala anali ochepa kumapeto. Ababa atangofika pokoma, mbuzi ya oyandikana nawo inati meee pafupi ndi bokosi, ndipo posakhalitsa kaseti inati kha, yatha. Mbuzi ija inalowa momwemo. Titamvetsera tinaseka mpaka misozi, Ababa kuposa tonse.

Woyamba kubwereka bokosilo anali munthu wa cha ku Ndumbi, nthawi ya mvula, njira itaterera. Anapepesa kwambiri kuti safuna kuvutitsa mzee m'matope. Wachiwiri anapepesa pang'ono. Wachitatu sanadutse n'komwe pakhomo pathu. Mwini duka lina, kasitolo ka ku Mbamba Bay, anali ndi bokosi lakenso, anajambulako, ndipo pasanapite nthawi Ababa ankaimba maukwati awiri tsiku limodzi ali khale pakhonde akusenda chinangwa. Kaseti siidya, siimwa, siifunsa mphasa. Chimene inkafuna ndi mabatire, ndipo amenewo tinkawayanika padzuwa ngati usipa kuti abwerere mphamvu.

Ine ankandiitanabe, chifukwa bokosi linalibe pakamwa poyambitsira nyimbo, komanso miyendo yanga siinkaopa chitunda. Ndipo ndinene zoona, kaseti ija ndinaikonda. Ndinaikonda chifukwa inkatha. Ndinkadziwa pamene kang'oma kalowere, pamene yaikulu ikhosomole, pamene ine ndilowere, pamene ndipumire. Palibenso zoyang'ana nsidze za munthu. Akwatibwi nawo anaphunzira msanga. Dera lonse linaidziwa mbuzi ija, ndipo aliyense ankadziwa kuti ikalira ng'oma yatsala pang'ono kufa. Ndiye ikangoti meee, mtsikana ankanyamula phazi, wakhutira kaya sanakhutire. Akamayenda, wonyamula bokosi ankabweza kaseti ndi pensulo kuti asamalize mabatire, n'kuikonzekera poima pena. Akuchimuna ankakondwa, nkhuku zawo zinkabwerera nawo kunyumba. Ine ndinkafika kwathu dzuwa likadali pamutu, n'kumadzitama kuti tapita patsogolo.

Tsiku lina Ababa anatsikira ku Mbamba Bay kukafuna mchere ndi sopo kuduka la ushirika, sitolo ya onse. Linali Loweruka, ndipo ine ndinali pa ukwati mumsewu wopita kudoko. Ndili pakati pa nyimbo ndinawaona ataima kumbuyo kwa anthu, pafupi ndi miyala ikuluikulu ija, kathumba m'manja. Ankamvetsera manja awo omwe akudutsa pamutu pa mnyamata wonyamula bokosi. Panalibe amene anatembenuka. Ine ndinafuna kukweza dzanja, koma malo anga olowera anali atafika, ndipo kaseti siilola munthu kupereka moni. Nditamaliza ndime ndinayang'ananso, anali atapita.

Nditafika kunyumba ndinapeza ng'oma zonse ziwiri zitapachikidwa kudenga. Ndinafunsa. Ababa anati, "Uja wa m'bokosi amaimba bwino. Komanso sakalamba." Sananene mokwiya, ndipo ndi zimene zinandipweteka. Kuyambira tsiku limenelo, ngakhale munthu akwere chitunda ndi ulemu wake wonse, yankho linali limodzi: "Pitani kwa uja wa m'bokosi." Anayamba kukhala chete pakhomo. Ankapita kushamba, munda wa onse, kubwera, kukhala pakhonde manja ali pamaondo. Ine ndikawaona choncho mtima unkandithamanga, ndinkasesa pabwalo posesa kale, n'kumakalipira nkhuku.

Ndinali ndi mng'ono wanga, womaliza m'nyumba mwathu. Ameneyo anatengera Ababa. Akamasankha mpunga unkatha kukomoka ndi njala. Sankayankhula zambiri, ndipo ine ndinkamutenga ngati wogona. Anapeza mwamuna, mnyamata wonyamula katundu padoko, wa kubanja la eni dera, ndipo ankhoswe atamvana ukwati unaikidwa m'nyengo yotentha, mango asanapse.

Tsiku lina tikuyanika chinangwa, mng'ono wangayo anakagwada pafupi ndi Ababa. "Ababa, mudzandiimbira?"

"Ndidzakuimbira, mwananga. Ndilimo kale m'bokosi muja."

Amayi anawakalipira mpaka mawu kusasa. Ine ndinalowererapo ndi mkwiyo wanga wonse, ndinanena kuti akulanga mwana wosalakwa, kuti kunyada kwawo kwafika poipa, ndi zina zimene mwana sayenera kuuza kholo. Anangondiyang'ana, n'kutola mpeni wawo wosendera. Koma mng'ono wanga, pomanga katundu wopita naye kubanja, miphika, mbale, lichero, anayang'ana kudenga n'kunena kuti, "Poti izi zikungodyedwa ndi makoswe, ndipatseni ndizikakhalira."

"Tenga," anatero Ababa.

Mng'ono wanga anatsitsa ng'oma zija n'kuzikulunga m'mphasa. Ine ndinamuseka kuti akupita kubanja ndi zinyalala.

Tsiku la ukwati dzuwa linatentha ngati lili ndi mlandu nafe. Tinatuluka m'tchalitchi chakumasana. Kutsogolo kunali mlamu wake wa mkwatibwi, mchimwene wa mkwati, atasenza bokosi pankhata. Kenaka mng'ono wanga pansi pa ambulera, manja atagwira kansalu koyera pamimba. Ine pambali pake ndi amayi ovomera nyimbo. Kumbuyo kwathu atsikana osenza katundu, ndipo kumapeto kwenikweni amuna, Ababa ali pakati pawo, atavala jekete, manja kumbuyo ngati mlendo wobwera kudzaona.

Poima poyamba zinayenda bwino. Kaseti inalira, ine ndinalowa pamalo anga, apongozi ake anabwera ndi nsalu, mbuzi isanalire n'komwe mtsikana anayenda. Pachiwiri chimodzimodzi. Ndinati mumtima, lero tiweruka msanga.

Kachitatu mng'ono wanga anaima pamphambano, pamene njira yochokera kwathu kumtunda imakumana ndi msewu wa kudoko. Mlamu anadina bokosi. Phazi la Ababa a m'bokosi linayamba, kang'oma, yaikulu, ine n'kulowa. Akuchimuna anabweretsa mbale. Sanasunthe. Anabweretsa nkhuku. Sanasunthe. Ndinayamba kumuyang'ana m'mbali, ndikuimba, mtima uli m'mwamba, chifukwa ndinkadziwa bwino pamene tafika. Pakati pa ndime ndinamunong'oneza, "Iwe, yenda." Nkhope ili pansi. Apongozi ake anavula mpango wawo womwe n'kuuika pamapazi pake. Ndinamutsina pamkono. "Yenda, mbuzi ili pafupi! Wapenga?"

"Ndikudziwa, achemwali," anatero motsitsa.

Apo m'pamene ndinazindikira kuti sakudikira mbale kapena nkhuku. Mantha anandigwira, ndi mkwiyo pamodzi. Mtsikana ameneyu ankaika ukwati wake wonse panjira, pamaso pa apongozi, chifukwa cha nkhalamba yamakani imene ndinkaidziwa bwino kuti siisintha mawu.

Mbuzi inati meee.

Anthu onse anaimva. Mlamu anatembenuka ndi bokosi lake pamutu, maso ali tong'o. Mayi wina anati, "Jamani!" Mng'ono wanga anatambasula manja, kansalu koyera kaja kanamasuka, ndipo maseche a Ababa anagwera pafumbi. Anali atawafumbata kuchokera kutchalitchi. Kaseti inati kha.

Kunali zii. Ndinamva nkhuku ija ikupuma m'manja mwa mwini wake. Sindikudziwa kuti zinatenga nthawi yotani, ndipo nkhani imeneyi inavuta m'mabanja awiriwa kwa zaka. Apongozi ake ankati ng'oma inafa, anaimva ndi makutu awo. Amayi ankati, "Ayi, asewere, inangomeza malovu." Chimene ndinaona ine ndi jekete likudutsa pakati pa anthu mwaliwiro limene sindinkadziwa kuti Ababa akadali nalo. Anawerama, kutola maseche, n'kuyamba kuwamenya pantchafu asanaweramuke n'komwe. Anawamanga pakakolo ndi dzanja limodzi, phazi likugunda kale.

"Masulani mphasa iyo," anatero.

Atsikana anatsitsa katundu, ng'oma zinatuluka. Ababa anagogoda kang'ono kaja ndi chala n'kupukusa mutu. Chikopa chinali chitalefuka chifukwa chokhalitsa kudenga. "Moto."

Moto, pamsewu, masana, anthu akupsa kale ndi dzuwa! Ine ndinkangopondaponda. Wina anazula udzu wouma m'mbali mwa njira, wina anatulutsa machesi. Ababa anaima pamenepo akuwamba ng'oma zawo mosafulumira, kuzitembenuza, kugogoda, kuzibwezeranso kumoto, phazi lokha likugwira ukwati wonse. Mkwati, mwana wa eni, thukuta linali litanyowetsa kolala. Mng'ono wanga anali chiimire, koma ndinaona misozi ikugwera pafumbi pafupi ndi mpango wa apongozi.

Kang'oma kanalowa. Amayi ena analiza nthungululu. Yaikulu inalowa, ndipo ndinaimva m'mimba, kumene bokosi lija silinkafikako. Ababa anatukula nsidze. Ndinalowa ndi mawu anga onse, amayi anavomera ngati denga likugwa, ndipo ndinasangalala kwambiri moti ndinaiwala kuti ndinali wokwiya. Ndime yoyamba, yachiwiri, zonse zinkabwera zokha. Ndinkaimba maso otseka.

Tinafika pamene mbuzi imalirira. Ndinatseka pakamwa.

Sindinaganize, pakamwa panatseka pokha. Amayi onse ovomera anatseka nane limodzi. Ndinafika ponyamula phazi kuti tizipita, ndipo mlamu uja anakweza dzanja kufuna pensulo kukhutu. Koma panalibe mbuzi, panalibe kha. Ababa ankapitirira okha, pakati pa anthu amene anaima kukamwa kuli yasa, onse akudikira kuti athe.

Manyazi amene anandigwira sindinawamvepo chibadwire. Ine amene ndinakulira pambali pa ng'oma imeneyi, ine amene ndinawakalipira kuti aimbe, ndinali nditawasiya panjira pamalo enieni pamene bokosi linkawasiya. Ndinafuna kulowanso msanga kuti anthu asazindikire. Ndinalowa, koma pakhomo polakwika, mawu anga anagundana ndi yaikulu n'kugwa. Ndinayesanso, chimodzimodzi. M'mutu mwanga munkalira kaseti, ndipo Ababa awa sanali a m'kaseti. Ankayenda mochedwerapo, dzanja lamanzere linkakoka pang'ono, ankakhota pamene uja wa m'bokosi sankakhota. Ndikawerenga mwa kaseti ndinkafika iwo asanafike. Amayi ovomera ankandiyang'ana, poti wovomera sangayambe yekha.

Pamenepo Ababa anachita chimene sindinawaonepo akuchita pa ukwati uliwonse. Anachotsa maso pamapazi a mkwatibwi n'kuyang'ana ine. Sanakwinye nkhope. Anachotsa zokometsera zonse, n'kutsala ndi phazi, kang'oma ndi yaikulu, poyera, ngati mmene ankandiphunzitsira ndili kamtsikana kumudzi wakale uja wa m'mbali mwa madzi. Anazungulira, kufika pakhomo panga, kutukula nsidze. Ndinaphonya. Anazunguliranso.

Ndinasendera pafupi, misozi ili m'maso. "Ababa, ndasokonekera. Yambitsani wina, anthu akupsa ndi dzuwa."

"Ngati n'kugona, tigona pano," anatero.

Ndinasiya kuwerenga. Ndinayang'ana phazi lawo lija, lafumbi, lokhala ndi ming'alu, likukwera ndi kutsika, ndipo kwa nthawi yoyamba m'moyo wanga ndinalola khomo lidutse osalithamangira. Linadutsa, linabweranso. Ababa anali pomwepo. Mng'ono wanga nayenso, nkhuku, mbale ndi mpango zili pamapazi pake, sanasunthe mpaka ine nditalowa.